Smeerenburg sinafe: pomwe ndafika mwezi uno

Ndi mwezi wachitatu tsopano ndikulemba mbiri yongopeka ya Spitsbergen, zilumba zozizira kwambiri za kumpoto kwa Norway, mmene zikanakhalira Adatchi akanapanda kuchokako. Sabata ino ndamaliza kujambula mapu a gombe la kumpoto chakumadzulo, koma ndang'ambanso masamba 6 omwe ndinkawadalira kwambiri.

Zenizeni zinayenda chonchi. Willem Barentsz, woyenda panyanja wachidatchi, anaona zilumbazi mu 1596. Kampani ya Adatchi yotchedwa Noordsche Compagnie, yomwe inayamba mu 1614, inamanga mudzi wa Smeerenburg pachilumba cha Amsterdamøya, pomwe ankasungunula mafuta a anamgumi m'miphika ikuluikulu. Anthu ankabwera miyezi yokhayo imene dzuwa sililowa, chisanu chikamayamba n'kubwerera kwawo. Mu 1633 anasiyako amuna 7 kuti alondere malowo mpaka mdima wautali uja utatha, ndipo onse anapulumuka. Chaka chotsatira anasiyako ena 7. Onse anafa, matenda a scurvy (obwera chifukwa chosowa vitamini C) atawafooketsa.

Poyamba ndinangosintha pamenepo: anthu achiwiriwo asafe, basi mudzi ukule. Nditawerenganso ndinaona kuti sizikumveka. Chinapha Smeerenburg si imfa ya anthu 7 ayi. Anamgumi anatha m'mphepete mwa nyanja, otsala n'kuthawira kutali kumadzi oundana, asodzi n'kuyamba kusendera nyama panyanja pomwepo, mafuta n'kukasungunulira kwawo. Pofika cha m'ma 1660 pamalopo panali pa bwinja. Munthu sakhala pomwe palibe chomudyetsa.

Ndiye ndayambiranso ndi mafunso awiri: adya chiyani, aotha chiyani? Chakudya chilipo. Kumeneko kumamera kachitsamba ka Cochlearia kamene kamateteza ku scurvy, kulinso mphalapala za kumalo ozizira (reindeer), ndipo alenje a ku Russia otchedwa Pomor ankathadi nyengo yachisanu konko m'zaka za m'ma 1700. Chondisangalatsa kwambiri ndi malasha. Jonas Poole, Mngelezi, anawapeza ku Kongsfjorden mu 1610. M'nkhani yanga Adatchi akusamutsira mudzi wawo kumeneko, kukhala doko lokonzerapo zombo ndi kuchiritsirapo amalinyero odwala. Ndaikamo anthu ochepa zedi, chifukwa dziko lopanda mtengo ngakhale umodzi silingasunge tauni. Dzulo usiku ndinalemba tsamba la mayi woyamba kubereka mumdimawo, ndipo mtima unandiwawa ngati ndikumudziwa.

Kumapeto ndikudziwa komwe ndikupita. Pangano la 1920, lomwe linasainidwa ku Paris, linapereka zilumbazi kwa Norway, koma kwa ine Netherlands ikufika ku Paris ili ndi anthu ake okhalako zaka pafupifupi 300. Barentsburg, tauni ya migodi ya malasha yomwe kampani ya Adatchi inagulitsadi kwa Soviet Union mu 1932, sikugulitsidwa.

Pakatipo ndi pomwe pandivuta. Britain inalanda dera la Cape, kumwera kwa Africa, kwa Adatchi mu 1795 ndi mu 1806. Ingasiye bwanji doko la malasha lopanda asilikali? Sabata yamawa ndikhala pa zaka zimenezo, kenako ndijambule mapu a Kongsfjorden.