Momwe ndinayezera munda wokhotakhota ndi foni komanso masamu a Gauss

Minda yambiri kuno ku Angónia ilibe mbali zowongoka. Malire amatsata khwawa, chulu, kapena mtengo wa mango umene anabzala agogo. Ndiye kuchulukitsa mulitali ndi mulifupi, monga tinkachitira kusukulu, kumangopereka nambala yongoganizira. Munda wa mbatatesi wa amalume anga ku Dómuè ndi wotero, ndipo iwo ankalumbira kuti ndi hekitala yathunthu.

Ndinayamba n'kuika pa foni pulogalamu ya GPS yosonyeza malo m'manambala a UTM. Madigiri a latitude ndi longitude asiyeni, sali m'mamita. UTM imapereka manambala awiri, onse m'mamita: E wolozera kum'mawa ndi N wolozera kumpoto. Pa zigawo zimene UTM imagawa dziko lapansi, ife tili m'chigawo 36 cha kumwera, choncho N wathu amapitirira 8 miliyoni.

Kenako tinazungulira munda. Paliponse pamene malire akhota ndinkaima kamphindi mpaka manambala atasiya kudumphadumpha, n'kulemba m'kope. Foni imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pansi pa mtengo imaphonyeratu.

"Mwanawe, foni ingadziwe munda wanga kuposa ine?"

"Ayi amalume, ikungondiuza pamene ndaima. Zinazo ndi masamu."

Chofunika kwambiri n'kuyenda mbali imodzi, ngodya ndi ngodya, osadumphira tsidya lina. Mukasokoneza ndondomeko, mizere imapingasana ndipo yankho limakhala labodza ngakhale mutawerengera bwino.

Manambala aatali aja amatopetsa, choncho ndinachotsera a ngodya yoyamba pa ngodya zonse. Inatsala mizere iyi, E poyamba kenako N: (0, 0), (80, 10), (90, 70), (10, 60). Pansi pake ndinabwerezanso (0, 0) kuti munda utsekeke.

Tsopano kuchulukitsa mopingasa, ngati mukumanga zingwe za nsapato. E wa mzere uliwonse ndi N wa mzere wotsatira: 0 × 10, 80 × 70, 90 × 60, 10 × 0. Kuphatikiza, 11,000. Ndiye N wa mzere uliwonse ndi E wa mzere wotsatira: 0 × 80, 10 × 90, 70 × 10, 60 × 0. Kuphatikiza, 1,600. Mukachotsera pamatsala 9,400, ndipo theka lake ndi 4,700 m². Hekitala ndi 10,000 m², kutanthauza kuti munda uja ndi mahekitala 0.47. Amalume anangoti foniyo yawabera theka la munda.

Njirayi anthu amaitchula ndi dzina la Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, ngakhale Albrecht Meister anali ataifotokoza kale mu 1769. Chimene ndimaikondera n'chakuti ngodya zikhale zinayi kapena makumi awiri, machitidwe ake ndi omwewo. N'chifukwa chake imayenda bwino pa kompyuta, ndipo mapulogalamu a mapu amaigwiritsa ntchito powerengera kukula kwa malo. Theka lija limachokera pa makona atatu: mzere uliwonse wa malire pamodzi ndi ngodya yoyamba umapanga kachigawo ka makona atatu, ndipo zigawo zotuluka kunja kwa munda zimadzichotsera zokha.

Yankho likatuluka ndi minus musadandaule, ndiye kuti munayenda motsata mivi ya wotchi. Ingochotsani chizindikirocho. Ngodya zikachuluka, lembani mu Excel. Pa Excel ya Chipwitikizi, SOMARPRODUTO imachita kuchulukitsa ndi kuphatikiza konse kuja nthawi imodzi, ndipo ABS imachotsa minus.

Yankholi ndi la malo ngati afulati, choncho munda wa pamtsetse, monga ya kumapiri a Tsangano, umakhala wokulirapo pang'ono mukauyenda ndi khasu. Pa kadimba ka mamita 20, kuphonya kwa foni kumawononga yankho lonse, tengani tepi basi. Ndipo nambalayi ndi yogulira mbewu ndi feteleza. Za DUAT (chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malo ku Mozambique) kapena mkangano wa malire, pitani kwa anyakwawa ndi akatswiri oyeza malo a boma.