Makilomita 7 m'minda ya mpesa, ine ndi achemwali

Achemwali anga anachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo adokotala atawalola kuyambanso kuyenda kamtunda kotalikirako, anandipempha kuti ndiwapezere njira yosathyola miyendo. Za kuphiri sitinazikambe n'komwe. Mumsewu wa tala anakana okha, akuti phokoso la magalimoto limawasowetsa mtendere. Ndiye ndinasankha njira yozungulira ya makilomita 7, yodutsa m'minda ya mpesa, yolambalala maiwe awiri, n'kudzatulukira pomwe tayambira. Ndikufotokozerani mmene tinayendera kuyambira usiku wokonzekera, chifukwa ulendo wotere, ngakhale ndi wopepuka, uli ndi tinthu take tomwe ukapanda kutidziwa umabwerako utatopa pachabe, mwinanso utawononga za eni.

Mawu akuti "njira yosavuta" olembedwa pachikwangwani sindiwakhulupirira ndisanaone manambala awiri pamapu: kutalika kwa njira, ndi kukwera kwake konse mukaphatikiza zitunda zonse. Yathu inali ndi mamita pafupifupi 90 okwera, omwazikana m'tizitunda titatu. Pali kawerengedwe kakale ka William Naismith, munthu wa ku Scotland wokonda kukwera mapiri, komwe anakalemba mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, n'kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Nditawerengera motero ndinapeza ola ndi theka. Koma kawerengedwe kameneka ndi ka munthu wamphamvu amene sakuima paliponse, pamene ife tinali ndi bondo longochira kumene komanso maso ofuna kuona. Ndinauza achemwali kuti tipatule maola atatu, ndipo anatikwanira ndendende.

Chinthu china chomwe ndinatsimikiza usiku womwewo n'chakuti njirayo ndi yololedwa kwa oyenda pansi kuyambira poyambira mpaka pothera. Munda wa mpesa uli ndi mwini, ndipo tinjira tambiri tooneka pamapu ndi ta mathirakitala a eni mundawo. Mapu ndinawasungira mufoni kuti azitseguka ngakhale popanda netiweki. M'kachikwama munalowa mabotolo awiri a madzi a lita imodzi iliyonse, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, pulasitala wa matuza, ndi masokosi ena ouma. Nsapato tinavala zakale zozolowera phazi, zotseka zala. Achemwali anatenga ndodo yawo.

Tinanyamuka dzuwa litangosuzumira, mame akadali paudzu. Apa ndikupemphani mundimvere: musachedwe. Mpesa sapereka mthunzi. Mizere yake imangofika pachifuwa kapena pamapewa, ndipo alimi amasankhiratu malo oyang'ana dzuwa, n'chifukwa chake ku Ulaya minda yambiri ya m'zitunda imayang'ana kummwera, pomwe kumaiko a kummwera kwa dziko lapansi imayang'ana kumpoto. Dzuwa lomwe limatsekemeretsa mphesa ndi lomwelo lomwe lidzakuwambani paliwombo ikamakwana 11 koloko, nthaka youma ija n'kumakubwezerani kutentha kumaso. Chipewa chachikulu n'chofunika kuposa china chilichonse chomwe munganyamule.

Kilomita yoyamba tinayenda pamsewu wafumbi, mizere ya mpesa ili uku ndi uku, yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe, nthambi zake zitamangiriridwa kumawaya. Kumapeto kwa mizere ina kunali maluwa a rozi. Kale ankawabzala ngati mlonda, poti rozi amagwidwa msanga ndi matenda aja oyeretsa masamba ngati mwawaza ufa, ndiye mlimi akaona rozi wadwala ankadziwa kuti mpesa nawo uli pangozi. Masiku ano ambiri amangosunga mwambowo chifukwa cha kukongola.

Pamzere wina woyandikana ndi njira ndinanjuta kuti ndione tsinde. Khungwa lake linali lokakala, losendeka m'tizingwe, ndipo chapansi, kungodutsa nthaka pang'ono, panali chotupa chonga mfundo ya bondo. Achemwali anachiyang'anitsitsa n'kundifunsa ngati mtengowo ukudwala. Ayi ndithu, chimenecho n'chipsera cha pomwe anamezanitsa. Mtengo umodzi womwewo uli pawiri: kumtunda ndi mpesa wa ku Ulaya wobala zipatso zokoma, kunsi ndi mizu ya mpesa wa ku America. Chinachititsa zimenezi ndi kachilombo kakang'ono konga nsabwe za m'masamba, kotchedwa phylloxera, komwe kanafika ku France m'ma 1860 kuchokera ku America. Kamayamwa mizu mpaka mtengo kuuma. Katswiri wa zomera Jules-Émile Planchon anakazindikira mu 1868, koma pofika nthawi yoti mankhwala ake apezeke, minda yochuluka ya ku France ndi maiko oyandikana nayo inali itatheratu. Chomwe chinapulumutsa ulimiwu ndi kumezanitsa, chifukwa mizu ya mitundu ya ku America imapirira kachilomboka. Mpaka lero minda yambiri padziko lonse imaima pamizu yobwereka imeneyi.

Ndakhalitsa pa nkhani ya kachilomboka dala, chifukwa imakhudza nsapato zathu. Phylloxera amayenda ndi dothi lomatirira kunsapato, kumatayala ndi kuzipangizo. Ku South Australia, komwe kudakali mipesa yakale kwambiri yoima pamizu yakeyake, alendo amapemphedwa kuti asalowe pakati pa mizere, ndipo zikwangwani zake amazilemekeza kwambiri. Kuyambira pomwe ndinadziwa zimenezi, phazi langa silichoka panjira, ngakhale chithunzi chitaoneka kuti chingakome bwanji m'kati mwa mzere. Mtengo watsopano wa mpesa umatenga zaka pafupifupi zitatu usanabale zokolola zenizeni. Munthu amene wadikira zaka zimenezo sayenera kuluza munda chifukwa cha mlendo wongodutsa.

Tinafika nthawi yomwe mphesa zimayamba kusintha mtundu, patatsala milungu ingapo kuti akolole. Mphesa zonse, zoyera ndi zakuda zomwe, zimayamba zili zobiriwira ndi zolimba ngati nsawawa. Paphava limodzi lomwe ndinaliona pafupi, zina zinali zidakali zobiriwira, zina zofiirira pang'ono, zina zitada kale bii, zonse zitakutidwa ndi kaufa koyera kaja komwe kamachoka ukakhudza. Dzanja limafuna lokha kuthyola. Musathyole. Choyamba n'za eni, chachiwiri simudziwa tsiku lomwe anapopera mankhwala.

Nkhani ya anthu odutsa othyola mphesa ili ndi mbiri yake. M'dera la Médoc ku France, alimi ena ankawaza madzi osakaniza mchere wa kopa ndi laimu pamizere ya m'mbali mwa msewu, kuti masamba aoneke abuluu ndipo odutsa aope kuba. Mu 1882 mphunzitsi wa za zomera pa yunivesite ya ku Bordeaux, Alexis Millardet, anaona kuti mizere yowazidwayo inali ndi masamba athanzi pomwe ya m'kati inali itayoyoka ndi matenda. Atafufuza, mu 1885 analengeza za mankhwala omwe mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Bordeaux, ndipo akugwirabe ntchito m'minda yambiri. Ndinawafotokozera achemwali zimenezi tikudutsa masamba okhala ndi timadontho tabuluu touma, ndipo anabweza dzanja lawo mwachangu.

Cha pakilomita yachitatu ndi pomwe tinasochera. M'munda wa mpesa kusochera n'kosavuta chifukwa mzere uliwonse ndi mapasa ndi unzake, ndipo mphambano zonse zimafanana. Chizindikiro chathu chinali kadontho ka penti yachikasu pamitengo ya mpanda, koma pamphambano ina masamba anali ataphimba mtengowo, ife n'kupitirira molunjika m'malo mokhotera kumanzere. Ndinazindikira patapita mphindi khumi, nditaona kuti sindinaonenso penti. Langizo langa apa n'limodzi: mukadutsa mphambano n'kuyenda pang'ono osaonanso chizindikiro, bwererani pomwe munachiona komaliza. Musadule pakati pa mizere poganiza kuti mufupikitsa.

Tikubwerera tinakumana ndi bambo wina wogwira ntchito m'mundamo, akumangirira nthambi zomwe zinagwa pawaya. Tinaima patali pang'ono, tinapereka moni, n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, njira ya kudziwe ndi iti?" Anasiya ntchito, anatiperekeza mpaka pamphambano paja, n'kukankha masamba kuti tione penti. Anatichenjezanso kuti tikamva thirakitala tiime pambali pooneka, chifukwa woyendetsa akamakhota kumapeto kwa mzere maso ake amakhala pa chipangizo cha kumbuyo. Anaona ndodo ya achemwali n'kuwauza kuti, "Mayi, potsetsereka apo muyende cha kumanja, kumanzere kuli timiyala toterera." Zinalidi choncho.

Kutsetsereka n'komwe kumavuta bondo kuposa kukwera, ndiye tinatsika pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mapazi mwachidule. Mpweya unayamba kuzizirira tisanaone madzi. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsikira m'zigwa ngati madzi, n'chifukwa chake alimi amaika mpesa m'zitunda pothawa chisanu, n'kusiyira m'munsi udzu, mitengo ndi maiwe. Mukadzasokonezeka m'dera lotere, kumbukirani kuti dziwe limakhala kunsi.

Dziwe loyamba linali lakale, lozunguliridwa ndi bango, theka lake litaphimbidwa ndi masamba a kakombo. Titangoyandikira, achule analumphira m'madzi motsatizana, kenako zii. Tinakhala pachipika, ndipo pano ndi pomwe tinatherapo nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Dziwe limabisa zake munthu akangofika. Ukakhala chete mphindi zisanu, zimayamba kutuluka. Kakowa anatera tsidya lina n'kuima ndi mwendo umodzi, khosi litapindika, osagwedezeka mpaka anajompha kansomba. Anamzeze ankakhudza madzi ndi milomo ali pakuuluka. M'mphepete, m'madzi osaya ofunda, mbululu zinali zakuda bii, zina zitamera kale timiyendo ta kumbuyo.

Achemwali ndi amene anaona chinthu chomwe ndimachikumbukira kwambiri. Patsinde la bango, chapamwamba pa madzi, panali kachilombo kofiirira kogwira zolimba ndi miyendo isanu ndi umodzi. Nditayandikira ndinaona kuti m'kati mulibe kanthu, n'chikhungwa chokha, chong'ambika pamsana, chopepuka moti mphepo inkachigwedeza, koma maso ake ndi timizere ta pamimba zonse zikuoneka bwinobwino. Chinali chofunda cha tombolombo. Mwana wa tombolombo amakhala pansi pa madzi miyezi yambiri, mitundu ina zaka, akusaka tizilombo ndi mbululu, kenako tsiku lina amakwera bango, msana n'kung'ambika, n'kutulukamo wamapiko uja. Pamwamba pathu atombolombo ofiira ndi abuluu ankangozungulira, ndipo achemwali anawayang'ana nthawi yaitali osalankhula.

Kuchoka pamenepo njira inadutsa pamatope kwa mamita ochepa. Tinaponda pakati penipeni pomwe ena anaponda kale, poti kulambalala kumangokulitsa chithaphwi ndi kupha zomera za m'mphepete. Masokosi ouma aja anagwira ntchito. Poti tinadutsanso muudzu wautali, tinayang'anana m'miyendo ngati mwakwera nkhupakupa.

Dziwe lachiwiri linali la mtundu wina, losungira madzi a mthirira, lokumbidwa ndi makina, pansi ndi m'mbali atayalamo pulasitiki wakuda. Kuchokera pamenepo ndi pomwe mapaipi ang'onoang'ono odonthezera madzi amayambira, aja tinawaona atapachikidwa pawaya wapansi m'mizere yonse. Dziwe lotere lioneni muli kunja kwa mpanda. M'mbali mwake ndi motsetsereka, pulasitiki akanyowa amaterera ngati sopo, ndipo wogweramo amasowa pogwira ngakhale atakhala wodziwa kusambira. Ngati muli ndi ana, agwireni padzanja pano. Ngati muli ndi galu, akhale pachingwe ulendo wonse, pa zifukwa ziwiri: madzi oima akamera ndere zobiriwira ngati penti nyengo yotentha amatha kukhala ndi poizoni wopha galu, ndipo mphesa zomwe ifeyo timadya bwinobwino zimatha kuwononga impso zake.

Chitunda chomaliza ndi chomwe ndinkachiopera achemwali. Tinamwa madzi m'munsi, tinagawa chitundacho patatu potengera mitengo ya mpanda, ndipo pothera gawo lililonse tinkaima n'kutembenuka. Kutembenukako kunali ndi mphoto yake, chifukwa kumwamba kuja njira yonse inaoneka: msewu wafumbi, mphambano yomwe inatisocheretsa, bambo uja ali kadontho pakati pa mizere, ndi maiwe awiri akunyezimira m'munsi, lina lobiriwira lina lakuda. Tisanalowe m'galimoto tinagogoda nsapato n'kuchotsa dothi lonse ndi kamtengo, kuti lisatsagane nafe kumunda wina. Achemwali anakhala pampando, anapinda bondo kangapo akulimvetsera, kenako anandifunsa ngati njira yomweyi imakhala yotsegula nthawi yokolola.