Takhuta kwambiri abale anga

Ndafika bwino pa Bangula dzulo madzulo kuchokera ku CERN, malo akulu ofufuzira za physics ku Ulaya, thukuta kamukamu, thupi linali litayiwala kutentha kwa kuno. Ndati ndithokozere pompano poti nonse sindingathe kukuyenderani khomo ndi khomo.

Amayi, zikomo. Freddy atatikokolera nyumba mu March 2023 tinagona pa kampu ya pa sukulu ija, laputopu inapita ndi madzi, makope anga a physics anasanduka phala, ine ndinati basi sukulu yathera pomwepa koma inu munakagulitsa mbuzi zitatu zimene zinapulumuka zija osandiuza nkomwe, ndinangomva kwa anthu a pa msika. Amalume, ndalama ya pasipoti ija ndikudziwa inachokera mu kabaza, sindidzaiwala. Aphunzitsi anga a ku sekondale amene munandikakamiza kulemba fomu yopitira ku CERN ndikukana kuti azungu sangatenge mwana wa ku Nsanje, mwandichititsa manyazi ndithu.

Ndiye miyezi iwiri ndinali ku CERN, pafupi ndi Geneva. Chimakina chawo cha LHC chili pansi pa nthaka mamita ngati 100, ndi mphanga yozungulira makilomita 27, mkatimo amathamangitsa ma proton, tizidutswa ta mkati mwa atomu, nkumawawombanitsa kuti aone zotulukamo, ndi mmene anapezera kachidutswa kena kotchedwa Higgs boson mu 2012. Koma nkhani imene inali mkamwamkamwa pa tebulo la chakudya ndi ya chimakina china chimene akufuna kukumba, chotchedwa FCC, makilomita pafupifupi 91. Lipoti loti ndi zotheka linatuluka mu 2025, chigamulo akuti cha mma 2028, ndipo akavomereza chidzayamba ntchito kumapeto kwa ma 2040. Amakangana zenizeni, ena akuti ndalama zachuluka, ena akufuna chowombanitsa tizidutswa tina totchedwa ma muon, aku China nawo ali ndi pulani yawo. Ine mbali yanga ndi ya okumba, ngakhale ndikaganiza za dyke yotchinga madzi osefukira ya kwathu kuno mtima umagawikana.

Agogo nditawafotokozera usiku anangofunsa kuti dzenje lonselo mvula ikagwa silidzadza madzi? Taseka mpaka misozi.

Chinandikhudza nchoti madala ambiri amene akujambula mapulaniwo akudziwa kuti chidzayaka iwo atapuma ntchito, odzachigwiritsa ndi a msinkhu wa mchemwali wanga wa Form 2 uyu. Ndiye iwe mchemwali uwauze anzako kuti Lachisanu ndikubwera pa sukulu panu ndi zithunzi, aphunzitsi andipatsa piriyodi ya physics.