Mmene ndinapezera zipolopolo zogwirizana ndi mfuti yanga

Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo, ndipo mfuti yanga ndi .308 Winchester. Chaka china ndinalasa nswala pamimba m'malo mwa paphewa, tinaitsata magazi mpaka dzuwa kupendeka. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Nditayesa mfutiyo pa mamita 100, mabowo anamwazikana pachandamale ngati chikhatho chotambasula. Apa m'pamene ndinayamba kudzaza ndekha zipolopolo.

Kuno ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limalola munthu wokhala ndi laisensi kudzazira mfuti yakeyo, koma asasunge ma primer opitirira 2,400 pa mfuti imodzi. Primer ndi kabatani kakumatako kwa chipolopolo kamene kamayatsa wonga.

Ndinayamba ndi zigoba (timachubu ta mkuwa tosunga wonga ndi mutu wa chipolopolo) 50 za kampani imodzi, chifukwa zigoba zosiyana sizilingana mkati. Ndinazitsuka, kutaya zong'aluka pakhosi, kuzipaka mafuta pang'ono n'kuzipanikiza pamakina kuti zibwerere mwakale. Kenako kuyeza utali. Mkuwa umatamuka ukawomberedwa, ndipo chigoba cha .308 chisapitirire mamilimita 51.18. Chikatalika chimatsina mutu wa chipolopolo, mphamvu ya mkati n'kukwera mosayembekezeka. Zotalikazo ndinazisenga.

Ntchito yeniyeni ili pa wonga. Ndinasankha wonga wa S355 wa kampani ya Somchem ndi mutu wolemera ma grain 165. Grain imodzi ndi magalamu 0.065 okha, choncho sikelo iyenera kukhala pamalo osagwedera, zenera lotseka. Muyeso wanga sindiulemba pano dala, chifukwa wabwino mu mfuti yanga ukhoza kuphulitsa yanu. Ndinatsegula kabuku ka opanga wongawo, n'kuyambira pa muyeso wotsikitsitsa. Ndinadzaza zitatu, kuwonjezera theka la grain, zitatu zina, mpaka magulu asanu ndi limodzi, lomaliza lisanafike pamalire a m'kabukumo. Patebulo pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga, foni yozimitsa. Ndisanakhazike mitu ndimaunika ndi tochi m'chigoba chilichonse, kuona ngati wonga wafika mofanana. Utali wa chipolopolo chonse ndinausiya pa mamilimita 71.12 kuti chilowe bwino m'magazini.

Kokayesa ndinalawira m'mamawa mphepo isanadzuke. Mfuti pamatumba a mchenga, chronograph patsogolo kuti iwerenge liwiro, kope m'thumba. Ndikawombera kamodzi ndinkadikira mpaipi uzizire, pakuti kutchire nyama imagwa ndi chipolopolo choyamba, mpaipi uli zii. Chigoba chilichonse ndinkachitola n'kuchiyang'anitsitsa. Magulu atatu oyamba anadutsa bwinobwino, lachinayinso. Pa lachisanu chogwirira cha bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti) chinalimba pokweza, primer itaphwatalala, kumatako kwa chigoba kuli kachizindikiro konyezimira. Izi n'zizindikiro zakuti mphamvu ya mkati yachuluka, choncho ndinalekera pomwepo. Kabuku kankalola kupitirira, koma mfuti inali itakana, ndipo ine ndimamvera mfuti. Zotsalazo ndinakazula mitu kunyumba n'kukhuthula wonga.

Gulu lachitatu ndi limene linandikhazika mtima pansi: mabowo atatu oti n'kuphimbika ndi ndalama yachitsulo ya R5, liwiro losiyana pang'ono kwambiri. Silinali lothamanga kuposa onse, ndipo anzanga ena amathamangira liwiro. Kutchire kwathu kuno, kumene nyama ya ngoma imaonekera pakati pa mitengo pa mamita 80 kapena 120, liwiro lowonjezeralo silikupatsa kanthu.

Mabowo atatu akhoza kukhala mwayi chabe. Ndinadzaza zina khumi za muyeso womwewo, n'kuziwombera masiku awiri osiyana. Zisanu ndinazisungira November, masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa kutentha kumakweza mphamvu ya wonga, ndipo chimene chili bwino m'chisanu cha June chikhoza kuvuta m'chilimwe. Bolt inakwera mofewa, mabowo anagwa malo omwewo.

M'kope ndinalemba zonse, ngakhale nambala ya pachitini, popeza ndikagula chitini china ndimatsitsa muyeso n'kukweranso pang'onopang'ono. Nyengo yosaka itafika, ngoma yamphongo inaima chammbali pafupi ndi chigwa. Ndinalunjika kuseri kwa phewa. Inathamanga mamita osakwana 30 n'kugwa.