Kuthokoza Amene Anathandiza Mwana Wanga Kumanga Kandege Kake

Ndikufuna kuthokoza anthu a kuno ku Salima amene anatithandiza pamene mwana wanga anathyoka mwendo n'kukhala pakhomo osapita kusukulu. Malume ake, asanamwalire, anamutumizira kuchokera ku Johannesburg kandege koulutsa ndi limoti, koma kanabwera kali zidutswazidutswa m'bokosi, ndipo mwanayo akakaona ankangolira.

Akalipentala ena a pafupi ndi msika ankabwera madzulo akaweruka, n'kumamuonetsa kamatidwe ka timatabwa ta balsa, mtengo wopepuka kwambiri umene umathyoka msanga ukaupanikiza. Anaumirira kuti mapiko aume atagona pathebulo losalala, chifukwa phiko lopindika limakokera ndege mbali imodzi. Bambo wokonza mawailesi, amene sanafune kuti ndiwatchule dzina, analumikiza mawaya a mota ndi a timakina togwedeza mchira, ndipo anakana kulandira ngakhale tambala imodzi. Anatichenjezanso kuti batire la kandegeko, la mtundu wotchedwa LiPo, lisamatchajidwe popanda woliyang'anira, popeza likhoza kuyaka moto. Aphunzitsi ake a sayansi ndiwo anamuuza kuti anyamule kandegeko ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, n'kumasuntha batire mpaka mphuno itaweramira pansi pang'ono, kuti kasalemere kwambiri kutsogolo kapena kumbuyo pouluka.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mwana amene ankakana nsima chifukwa cha chisoni anayamba kudzuka m'mamawa, kufunsa mafunso ndiponso kuseka. Kandegeko tinakakaulutsa pabwalo la mpira cha ku Senga Bay mphepo ya mwera isanalimbe, iye ataima ndi ndodo zake, ndipo tsopano akuphunzitsa anzake kudula mapiko a makatoni. Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akudalitseni.