Mmene ndimapezera assumption pa mafunso a GMAT

Anzanga amene mukukonzekera GMAT, mayeso olowera sukulu za bizinesi, kuti mukachite MBA (digiri ya masters ya bizinesi) kunja, ndati ndikuuzeniko mmene ine ndimawadutsira mafunso a assumption aja chifukwa ambiri amawaopa pomwe ali ndi njira yake ndithu. Gawo la Verbal pa GMAT ya panoyi lili ndi mafunso 23 pa mphindi 45, ena owerenga ndime zazitali ena a Critical Reasoning (kandime kakafupi kokhala ndi mfundo, funso mmunsi ndi mayankho asanu, ndipo a assumption ali mgulu limeneli), ndiye mukawerengetsa funso limodzi lisakudyereni mphindi zoposa ziwiri, nthawi yomawerenga mobwerezabwereza palibe.

Ine ndimayamba ndi funso lili mmunsilo ndisanawerenge kandime kaja. Ndikangoona mawu ngati "assumes" kapena "depends on" basi ndadziwa kuti akufuna chinthu chomwe wolembayo sananene koma akuchidalira. Kenako ndimawerenga kandimeko ndikudzifunsa kuti kodi munthuyu akufuna ndivomere chani kwenikweni? Chimenecho ndiye conclusion yake, zinazo ndi umboni. Ndipo umboniwo musalimbane nawo chonde, pamayeso apa umatengedwa kuti ndi woona ngakhale mumtima mukudziwa kuti kwanuko zinthu siziyenda choncho.

Tiyeni tione chitsanzo chongopanga ndekha koma chofanana ndi zomwe zimabwera. Khonsolo ya mzinda wina yaona kuti magalimoto akuthithikana mkati mwa tawuni, yapezanso kuti ambiri olowa mtawunimo amaimika pa malo olipira a khonsoloyo, ndiye ikuti ikakweza mtengo woimikira magalimoto olowa achepa. Umboni ukukamba za malo oimika ndi mtengo, conclusion ikukamba za magalimoto kuchepa. Pakati pamenepo palumphidwa china chake. Ndisanayang'ane nkomwe mayankho asanu aja ndimaima kaye masekondi pang'ono nkudzifunsa kuti chingalepheretse pulaniyi nchani? Mwina kuseri kwa msewu kuli malo ena otchipa, mwina anthuwo amawalipirira ndi mabwana awo ndiye mtengo sauona kuwawa. Apa ndi pomwe pamandithandiza kwambiri, chifukwa ukalowa mmayankho mutu uli mbee aliwonse amaoneka ngati ali bho.

Tsopano mayankho, nditchulapo anayi okha. Lina likuti kukweza mtengo ndiyo njira yabwino kuposa zonse yochepetsera magalimoto. Lina likuti khonsolo itolera ndalama zambiri. Lina likuti mabasi amumzindawo ndi atsopano komanso abwino. Lina likuti pafupi ndi tawuniyo palibe malo ena otchipa okwanira onse amene amaimika pa khonsolo. La ndalama lija ndimalitaya pompo, conclusion siikukamba za ndalama. Otsalawo ndimawatembenuza limodzilimodzi, ndiye kuti ndimanena zosemphana nalo nkuona ngati mfundo ya wolemba iimabe. Assumption yeniyeni ili ngati mzati, ukauzula denga ligwa basi.

Titembenuze loyamba, kukweza mtengo si njira yabwino kuposa zonse. Chabwino, koma magalimoto atha kuchepabe, palibe chagwa. La mabasi, tinene kuti ndi akale, anthu atha kukwerabe kapena kuyenda pa njinga kapena kukwera galimoto imodzi angapo, pulani ikadalipo. Yankho ili ndi loopsa chifukwa limathandizadi mfundoyo, koma kuthandiza ndi kufunikira nzosiyana ndipo funso likufuna chofunikiracho. Lomalizalo tikalitembenuza likuti malo otchipa okwanira onsewo alipo pafupi pomwepo, ndiye anthu angosamukira kumeneko nkumalowabe mtawuni monga kale, pulani yatha. Yankho ndi limenelo.

Chomwe ndikufuna muchigwiritsitse nchakuti yankho lolondola nthawi zambiri limaoneka lofooka, lopanda mphamvu, mwinanso lili ndi "not" mkati mwake, limangotseka kabowo kamodzi basi. Aja odzitama ndi "all", "always", "best", "only" ndimawakayikira msanga, osati kuti amakhala olakwa nthawi zonse ayi, koma wolemba kawirikawiri safunikira zazikulu chonchija kuti mfundo yake iime.

Potembenuza samalaninso. "Onse" ukamutembenuza amakhala "si onse", osati "palibe ndi mmodzi yemwe". "Ena" ndi amene amasanduka "palibe". Ukasokoneza apa yankho lolakwa limaoneka ngati lagwetsa mfundo pomwe wagwetsa ndiwe.

Palinso mtundu wina umabwerabwera, wonena kuti ichi chayambitsa icho. Akuti ogwira ntchito amene amapita ku jimu ya kampani sajombajomba chifukwa chodwala, choncho jimu ndiyo ikuwapatsa thanzi. Ndikangoona zotere ndimafunsa ziwiri, bwanji ngati athanzi kale ndi amene amakonda kupita ku jimuko, nanga bwanji ngati pali china chachitatu, monga kuti opitawo ndi achinyamata? Yankho lomwe likukana chimodzi mwa izi ndi lomwe ndimalisaka.

Kunena za nthawi, sinditembenuza onse asanu, ndimachotsa kaye aja osakhudza conclusion nkutembenuza awiri otsala. Likandikanika ndimasankha lomwe ndikulikhulupirira, nkuika chizindikiro, nkupitirira, poti GMAT ya panoyi imalola kusintha mayankho mpaka atatu pa gawo lililonse ngati nthawi yatsala. Poyeserera gwiritsani ntchito mafunso a GMAC eni mayesowo, pa mba.com pali mayeso oyeserera aulere, ndipo funso lililonse muzilemba pa pepala chifukwa chomwe mayankho anayi enawo agwera, osangokondwa kuti mwakhoza.

Amene mukulemba LSAT, mayeso olowera sukulu za zamalamulo, dziwani kuti kumeneko assumption ilipo mitundu iwiri. Funso likati "follows logically if" likufuna yankho lotseka mpata wonse, ndiye lamphamvu lija limatha kukhala lolondola ndipo kutembenuza sikukuthandizani, muzikusungira mafunso a "requires" ndi "depends on" okha.