Kodi kwanu nyanja imadikira?

Andavadoaka, usiku. Jenereta azimitsa kale, ndikulemba ndi kuwala kwa foni. Tulo takana chifukwa cha mayi aja tinawajambula m'mawa.

Tinawapeza pamatanthwe madzi ataphwa, kamkondo m'manja, ndowa pambali, akusaka horita. Ndilo dzina limene Avezo, mtundu wa asodzi a kuno ku Madagascar, amaitchula nyama ija ya mikono 8 yobisala m'mabowo a miyala. Mkulu wa filimu yathu amafuna chithunzi cha mayiwo akuyenda kubwera kumtunda, dzuwa lili kumsana. Koyamba mphepo inalowa mu maikolofoni. Amene anakweza dzanja kuti tibwereze ndi ine. Tinabwereza, kenako tinabwerezanso, kanayi konse.

Ulendo wachinayiwo anaima, n'kundiyang'ana ine, osati kamera. Womasulira anazengereza kaye asananene. "Akuti, mwana wanga, kodi kwanu nyanja imadikira?"

Ndinayankha kuti amayi, kwathu ku Salima nyanja ilipo koma siphwa ndi kudzala kawiri patsiku ngati ino. Anagwedeza mutu, n'kundifotokozera mosakwiya, ngati akuphunzitsa mwana. Amayi a kuno amasaka horita akuyenda pansi, ndiye amadalira masiku ochepa amene madzi amaphwa kwambiri, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene. Patsikulo nthawi yake ndi maola ochepa chabe. Ife tinawadyera pafupifupi ola lathunthu. Nditasuzumira mundowa ndinaona tiwiri tokha, madzi ali m'maondo kale.

Mtima wanga unawawa, mpaka pano ukuwawabe. Tabwera kudzatamanda mudzi uno. Mu 2004 anthu a kuno, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures, anatseka matanthwe a ku Nosy Fasy kwa miyezi ingapo kuti horita ikule, poti imakula msanga. Atatsegula anakolola zazikulu, midzi ina n'kutengera, ndipo mu 2006 anakhazikitsa dera la nyanja loyang'aniridwa ndi midzi yomweyo lotchedwa Velondriake, kutanthauza kukhala ndi nyanja. Malamulo ake, omwe amati dina, amapangana okha pamudzi. Zonsezi ndi zoona ndipo zili m'mapepala athu. Koma za ola la mayi mmodzi mulibe.

Ndikamva za dina ndimakumbuka malume anga, amene ankapita kukapha utaka pachilumba cha Mbenji. Kumeneko mfumu Makanjira anayamba kutseka usodzi nthawi ya mvula kuyambira m'ma 1950, kalekale pasanabwere wina aliyense ndi kamera. Malume sankatsutsa lamulolo, koma miyezi imeneyo pakhomo ndiwo zinkakhala nkhwani basi. Ndakhala ndikuganiza kuti nkhani ngati izi ndikuzidziwa kuchokera mkati. Lero ndinali ngati mlendo wina aliyense.

Kaya inali nthawi yanji, kamera atayiika kale m'chikwama, mayiwo anakhala pamchenga n'kuyamba kulankhula okha. Anati dina amaisunga, ndipo mwana wawo akaba pamalo otsekedwa angamunenere okha kwa akuluakulu. Chimawapweteka ndi tsiku lotsegulira. Amuna amafika ndi mabwato, ena ochokera kumidzi yomwe sinadikire nawo, amamira pakuya n'kutenga zikuluzikulu, iwo akali kuyembekeza kuti madzi aphwe. Womasulira ankanena motsitsa mawu, maso ali pansi.

Makina anga ojambulira mawu anali asanazimitsidwe. Ndinazindikira madzulo pomvetsera. Zonse zili pa khadi, mawu omveka bwino kuposa aliwonse amene ndajambula ulendo uno, opanda ndi mphepo yomwe. Koma iwo sankadziwa kuti akujambulidwa, ndipo mudzi uno ndi waung'ono, aliyense angawadziwe ndi mawu okha.

Mkulu wathu sindinamuuze. Mawa tikunyamuka mbandakucha kulowera ku Morombe. Nyumba yawo ndaiona, ili kuseri kwa pamene amaimika mabwato. Womasulira wagona chipinda chinacho, ndikumumva akuliza mkonono. Ndikamudzutsa tambala woyamba akalira, kaya avomera kundiperekeza.